Ufulu wa Wofufuza ndi Ndalama za Misonkho

Kafukufuku wambiri wa m'mayunivesite amayendera ndalama za misonkho. Boma likatulutsa ndalamazo limafuna kuona phindu msanga, pomwe wasayansi amafuna kulondola funso lake mpaka kumapeto. Kagawidwe ka mphamvu pakati pa awiriwa kamakhudza kwambiri zomwe kafukufukuyo amabala.

Ku Britain amatsata mfundo ya Haldane, yochokera mu lipoti la 1918. Andale amanena kuchuluka kwa ndalama ndi nkhani zikuluzikulu zofunika kufufuza, koma osankha ntchito yoyenera thandizo amakhala akatswiri okhaokha.

Chifukwa chake n'chakuti phindu la kafukufuku siliwoneka poyamba. Mu 1966, Thomas Brock, mothandizidwa ndi bungwe la boma la America la National Science Foundation, ankatapa ndere m'akasupe otentha a ku Yellowstone. Momwemo anapezamo bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene amakula bwino m'madzi otentha madigiri 70. Patadutsa zaka pafupifupi 20, enzyme ya bakiteriyayu, yomwe sionongeka ndi kutentha, inakhala maziko a PCR, njira imene malabotale amayezera kuchuluka kwa HIV m'magazi.

Andale akalowerera, zinthu zimasokonekera. Mu 1948 boma la Soviet Union linaletsa sayansi ya chibadwa cha zamoyo n'kukakamiza maganizo olakwika a Trofim Lysenko pa zaulimi. Akatswiri ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo sayansiyi inabwerera m'mbuyo kwa zaka zambiri.

Komabe ufulu paokha sukwanira popanda khama. Katalin Karikó anatsitsidwa udindo ku University of Pennsylvania mu 1995 chifukwa ntchito yake ya mRNA sinkapeza ndalama. Iye sanaisiye. Mu 2005, pamodzi ndi Drew Weissman, anapeza njira yoti mRNA ilowe m'thupi popanda kuyambitsa kutupa, ndipo apa ndi pomwe panachokera ena mwa katemera wa COVID-19. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2023.

Nkhani ya Karikó ikuonetsa vuto la thandizo la nthawi yochepa: wofufuza amangosankha mafunso osavuta kuti alembe lipoti msanga. Pothana ndi izi, European Research Council, yomwe inakhazikitsidwa mu 2007, imapereka ndalama za zaka zisanu pa mutu womwe wofufuza wasankha yekha. Ndalamazo zimawerengedwa ndithu, ndipo zotsatira zake zimaunikidwa ndi akatswiri anzake a wofufuzayo.