Ngongole ya America ndi khomo lachiwiri losinthira malamulo

Abale anga a ku Nathenje ndikawauza kuti boma la America lamira m'ngongole, ambiri sakhulupirira. Amati dziko lomwe lakhala likutigulira ma ARV lingakongolenso kwa yani? Komatu ndi zoona. Chakumapeto kwa 2024 ngongole ya boma lalikulu la ku Washington inadutsa $36 trillion, ndipo chaka chomwecho ndalama yolipira chiwongoladzanja chokha inaposa imene anapatsa asilikali. Komaliza boma kutolera msonkho woposa zimene lagwiritsa ntchito kunali mu 2001. Kuchokera apo, kaya pampando pali wa Republican kaya wa Democrat, chaka chilichonse n'kukongola basi.

Ine ndimakhala ku Indiana, imodzi mwa ma state 50 a dziko lino. Musaganize kuti state ili ngati boma la Lilongwe kapena Dedza, kumene DC amachita kutumizidwa kuchokera ku Capital Hill. Indiana ili ndi bwanamkubwa wake wosankhidwa ndi anthu, nyumba ya malamulo yake ku Indianapolis, apolisi ake, misonkho yake, ngakhalenso malamulo ake aakulu. Ma state onse, kupatula Vermont, ali ndi lamulo loti bajeti isapitirire ndalama zimene akuyembekeza kutolera. Kuno anthu anavota mu November 2018 kuti lamuloli lilembedwe m'malamulo aakulu a state. Ndiye anthu ambiri amafunsa kuti, ngati ife tinadzimanga manja chonchi, a ku Washington akudyeranji momwaza?

Vuto n'lakuti amene angadzimange manja ku Washington ndi aphungu omwewo amene amagawa ndalamazo. Anayeserapo. Mu 1982 nyumba ya Senate inavomereza zosintha malamulo aakulu kuti bajeti ya dziko izikhala yolingana ndi msonkho, koma nyumba inayo, ya House, inakana. Mu 1995 zinatembenuka: nyumba ya House inavomereza ndi mavoti 300, koma ku Senate kunaperewera voti imodzi yokha. Senator Mark Hatfield wa ku Oregon, wa chipani chomwe chinabweretsa biluyo, anakana kusuntha ngakhale anzake anam'panikiza. Mu 1997 inaperewanso imodzi.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene ndikufuna muchimve bwino, chifukwa kwathu kulibe. Amene analemba malamulo a America mu 1787 anadziwiratu kuti tsiku lina aphungu adzakana kusintha lamulo lowakomera iwo eni. Choncho mu gawo lotchedwa Article V anaikamo makomo awiri. Loyamba ndi la aphungu a ku Washington, magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri akagwirizana. Lachiwiri ndi la ma state: nyumba za malamulo za ma state 34 zikalemba kalata yopempha, Congress, yomwe ndi aphungu a ku Washington aja, iyenera kuitanitsa msonkhano waukulu wokonza zosintha, ifune isafune. Kulikonse kumene zosinthazo zadzera, sizikhala lamulo mpaka ma state 38 atavomereza. Amayi a banki mkhonde ku Mitundu amaidziwa nzeru imeneyi: bokosi la ndalama limakhala ndi maloko angapo, ndipo wosunga bokosi sasunga makiyi.

Malamulo a America asinthidwapo ka 27, konse kudzera khomo loyamba. Lachiwiri silinatsegulidwepo, koma linatsala pang'ono. Kuyambira cha m'ma 1975 bungwe la National Taxpayers Union linayenda state ndi state kunyengerera aphungu, ndipo pofika 1983 Missouri inakhala state ya nambala 32 kupempha msonkhano wa za bajeti. Kunatsala awiri okha. Kenako mantha analowa, ma state ena anayamba kubweza makalata awo, kuyambira Alabama ndi Florida mu 1988. Gulu lina latsopano, la Convention of States, linayamba mu 2013 motsogozedwa ndi Mark Meckler ndi Michael Farris. Iwowa akufuna zitatu: kuchepetsa ndalama zimene boma lalikulu limagwiritsa ntchito, kuchepetsa mphamvu zake, ndi kuika malire a zaka zimene munthu angakhale phungu. Georgia inatsogola mu 2014, Indiana inalowa mu 2016, ndipo pofika 2022 ma state anali 19.

Anthu a gululi ndinawaona pa chionetsero cha zaulimi, tebulo lawo lili pakati pa khola la nkhumba ndi ogulitsa chimanga chootcha. Si anthu apamwamba ayi. Agogo wina wovala kapusi anali ndi timabuku ta malamulo a dziko totha kulowa m'thumba la malaya, akugawa ulere, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mdzukulu wake wabadwa ali kale ndi ngongole. Ankalankhula ndi mtima wonse, ndipo ndinamumvetsa.

Nanga bwanji ena amaopa? Chifukwa palibe amene anauonapo msonkhano wotere. Nthumwi zidzasankhidwa bwanji? California yokhala ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni idzakhala ndi voti imodzi ngati Wyoming yosafika n'komwe miliyoni? Zikafika m'chipindamo n'kuyamba kugwira ufulu wolankhula kapena wachipembedzo, adzaziletsa ndani? Otsutsawo amakumbutsa kuti msonkhano wa ku Philadelphia wa 1787 unaitanidwa kuti ukonze malamulo akale, koma unawataya n'kulemba atsopano. Chodabwitsa n'chakuti mantha amenewa ali mbali zonse: bungwe la John Birch Society ndi la Common Cause, omwe sagwirizana pa china chilichonse, apa amayankhula chimodzi. Indiana inayesa kuthetsa manthawa mu 2013 pokhazikitsa lamulo loti nthumwi yake ikakavota zimene sinatumidwe, ndi mlandu.

Koma mantha anga ine ali pena. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, monga Amalawi ambiri kuno. M'mawa ndimasambitsa gogo wina amene anagwira ntchito m'fakitale moyo wake wonse, ndimam'pesa tsitsi, ndimam'mwetsa phala ndi sipuni chifukwa manja amanjenjemera. Ndalama zake zinatha kalekale. Bedi lake, mankhwala ake ndi malipiro anga zimachokera ku thumba la Medicaid, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thumba limeneli ku Indiana amachokera ku Washington. Ma state amene amanyadira kuti alibe ngongole ya bajeti amatha kutero chifukwa boma lalikulu limawakongolera. Likamangidwa manja, chaka cha mliri kapena cha kugwa kwa chuma, woyamba kumva kuwawa ndi gogo uja. Germany inaika malire a ngongole m'malamulo ake aakulu mu 2009, koma mu March 2025 inachita kuwamasula itaona nkhondo ya ku Ukraine ili pakhomo.

N'chifukwa chake sindingafune kuti Malawi akopere lamulo loletseratu kukongola. Namondwe Freddy atakokolola midzi mu 2023, chilala chitapsereza chimanga mu 2024, boma likanati lidikire msonkho tikanaika maliro angati? Komanso sindingabise kuti kukongola kwathu kwafika poipa. Anatikhululukira ngongole zambiri mu 2006, lero tadzazanso, ndipo chiwongoladzanja chikudya ndalama yoposa imene imapita ku zaumoyo. America imakongola m'ndalama yake yomwe. Ife tikakongola kunja timabweza m'madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 munaona nokha mtengo wa thumba la feteleza pa msika wa Nathenje.

Chimene ndimasirira kuno ndi khomo lachiwiri lija. Kwathu zigawo zambiri za malamulo aakulu zimasinthidwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu okha. Zina zotetezedwa zimafuna referendamu, koma palibe njira yoti makhonsolo kapena anthu wamba ayambitse okha kusintha. Zotsatira zake tinaziona. Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito, aphungu analifufuta mu 1995 ndipo mpaka lero silinabwerere. Senate, mmene mukanakhala mafumu athu, anaichotsa mu 2001 isanakhaleko n'komwe. Mu July 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya pulezidenti inagwa ndi mavoti atatu okha. Nkhani ya federalism, yoti zigawo za dziko zikhale ndi mphamvu zawozawo, itabuka mu 2014 tinaithamangira kuiona ngati ya anthu a kumpoto ofuna kugawa dziko, osafunsa funso lenileni loti ndani pansi pano angaletse Capital Hill ikamawononga. Khonsolo ya Lilongwe singatero, pakuti nayo imadikira ndalama kuchokera komweko, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lonse linayenda popanda khansala ndi mmodzi yemwe.