N'chifukwa chiyani wodwala mwakayakaya amayamba ndi mlingo waukulu wa mankhwala a fangasi?

Mwina fluconazole mumamudziwa ngati kapisozi kamodzi ka 150mg kothana ndi mauka. Ndiye mukamva kuti m'bale wanu amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya walandira 800mg tsiku loyamba, musafulumire kuganiza kuti adokotala alakwitsa.

Fangasi wotchedwa Candida amakhala m'matumbo mwa anthu ambiri osavuta. Koma thumbo likabooka, monga zimachitikira ndi tayifodi, kapena msoko wa opaleshoni ukamasuka, fangasiyu amatayikira m'mimba n'kuyambitsa mafinya. Maantibayotiki samupha.

Wodwala chotere amalandira madzi ambiri m'diripi, ndipo madziwo amasungunula mankhwala. Mlingo wamba ungatenge masiku kuti ukwane m'magazi, nthawi imene iye alibe. N'chifukwa chake amayamba ndi 12mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kenako 6mg tsiku lililonse. Wolemera makilogalamu 65 ndi wa 110 sangalandire zofanana.

Adokotala amayang'ananso impso, poti ndizo zimachotsa fluconazole m'thupi. Zikafooka, amachepetsa mlingo wa masiku otsatira, koma woyamba uja sasintha.

Kwa odwalitsitsa, akatswiri amakonda kuyamba ndi caspofungin, 70mg kenako 50mg, ngakhale ndi wodula ndipo sapezeka paliponse. Mtundu wina wa fangasiyu, Candida krusei, sumva n'komwe fluconazole.

Komabe mankhwala salowa bwino m'mafinya ounjikana. Choncho adokotala angakupempheni chilolezo chochita opaleshoni ina kapena kuika kapaipi kokhetsa mafinyawo, ngakhale mankhwala atayamba kale.