Mafuta Oyenera Kupangira Sopo Panyumba

Chilala chikatha, njala siitha yokha. Pa 29 February 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndipo nthawi yomweyo tinali kulimbana ndi kolera amene adayamba ku Lusaka mu October 2023. Ndalama ikachepa m'nyumba, mayi amagula ufa n'kusiya sopo. Sitimuda mayiyo. Koma manja osasamba ndi sopo ndiwo njira ya matenda otsegula m'mimba. Chifukwa chake m'zigwirizano za amayi ku Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda tikulimbikitsa kupanga sopo wathu. Funso ndi ili: tigwiritse mafuta ati?

Sopo amapangika pamene mafuta akumana ndi kositiki soda wosungunula m'madzi. Mafutawo ali mitundu iwiri. Ena amagwirana akazizira, monga mafuta a ng'ombe. Amenewa amapereka sopo wolimba, wosatha msanga, koma wa thovu lochepa. Ena amakhalabe amadzimadzi, monga a mpendadzuwa, a nshawa ndi a thonje. Sopo wake ndi wofewa pakhungu, koma amachedwa kuuma, amasungunuka msanga m'beseni, ndipo akakhalitsa amachita mawanga ndi kununkha. Nzeru yake ndi kusakaniza.

Kuno ku Livingstone tili m'dziko la ng'ombe, choncho maziko a sopo wathu akhale mafuta a ng'ombe. Pemphani kubutchala mafuta oyera ozungulira impso. Aduleni tizidutswa, muwasungunule pamoto wochepa, musefe ndi nsalu, kenaka muwawiritse ndi madzi ndi mchere pang'ono. Akazizira amayandama pamwamba ali gwa, zonyansa zili pansi. Mukadumpha ntchito imeneyi, zovala zidzanunkha nyama. Chenjezo: musatenge mafuta a ng'ombe yofa yokha. Mu 2023 matenda a anthrax adagwira ziweto ndi anthu ku Sinazongwe, m'chigawo chathu chomwe chino.

Muyeso umene tiukhulupirira ndi uwu: magalamu 700 a mafuta a ng'ombe, magalamu 300 a mpendadzuwa, magalamu 130 a soda, ndi madzi mamililita 330. Yesani pasikelo, osati ndi maso. Mafuta alionse ali ndi muyeso wake wa soda. Kilogalamu imodzi ya mafuta a kokonati imafuna magalamu oposa 170, choncho mukasintha mafuta, sinthaninso muyeso. Soda akachuluka sopo amawotcha khungu, akachepa sopo sagwirana.

Nanga nshawa? Ife tikuti ayi, makamaka chaka chotsatira chilala. Nsinjiro m'phala la mwana ndi yofunika kuposa thovu. Chimodzimodzi saladi wogula m'botolo: mukampangira sopo, sopoyo adzadula kuposa wa m'sitolo. Koma saladi wokazingira zitumbuwa amene wada ndipo afuna kutayidwa, musefeni, mumtsuke ndi madzi otentha a mchere, alowe m'malo mwa mpendadzuwa. Sopo wake ndi wochapira zovala.

Mitengo nayonso itithandiza. Msikidzi, umene anzathu kuno amautcha musikili, umamera m'mbali mwa Zambezi. Njere zake zimatulutsa mafuta ogwirana, ndipo kumwera kwa Mozambique akhala akupangira sopo kuyambira kale. Mafuta a nsatsi amawonjezera thovu, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10, chifukwa sopo amachita nomi. Njere za nsatsi ndi poizoni. Zitsalira zake zisafike kwa ana kapena ziweto. Mungongo wa kumchenga wa Kazungula ndi Sesheke ndi chakudya pa nthawi ya njala, ndipo sopo wake ndi wofewa kwambiri. Tiusiyire m'ndiwo.

Posakaniza, thirani soda m'madzi, osati madzi mu soda. Chitirani panja, mutavala magolovesi ndi magalasi, ana ali kutali. Poto wa aluminiyamu amadyeka ndi soda. Gwiritsani chidebe cholimba cha pulasitiki ndi mthiko umene sudzabwereranso kukhitchini. Soda akagwera pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri. Zonse ziwiri zikhale zofunda chabe, ndipo takasani kufikira zitachita ngati phala. Thirani m'bokosi loyalamo pulasitiki, mudule patapita masiku awiri, ndipo muyanike pamthunzi masabata 4 kufikira 6 musanayambe kusambira.