Moto Wosazima Msanga m'Sitima za Pamadzi

M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala inakwera mtsinje wa Shire, nidutsa pa Liwonde, pamene mtsinjewu umalekanitsa maboma a Machinga ndi Balaka lero. Inkayenda ndi nthunzi. Amalinyero ankasonkha nkhuni m'ng'anjo, madzi nkuwira, nthunziyo nkuzunguza makina. Nkhuni zikatha, moto unkazilala.

Masiku ano kuli sitima zina zimene zimayendabe ndi nthunzi, koma moto wake ngochokera ku mwala wa yureniyamu, wonga uja anayamba kukumba ku Kayelekera ku Karonga mu 2009. Imeneyi ndiyo mphamvu ya nyukiliya. Sitima ya Lenin ya ku Russia, yoswa madzi oundana, inayamba kuyenda motere mu 1959.

Ng'anjo ya nyukiliya ili ndi khalidwe lachilendo. Ngakhale aizimitse, imapitirirabe kutentha kwa masiku ambiri. Nchifukwa chake iyenera kukhala yomira m'madzi nthaŵi zonse. Madziwo amatentha kufika madigiri pafupifupi 300, koma sawira chifukwa ngopanikizidwa kwambiri m'mipope. Mpope ukang'ambika, madzi amathaŵa ngati nthunzi, ng'anjo nkutsala pouma, niyamba kusungunuka ndi kutulutsa poizoni wosaoneka ndi maso.

Zoterezi zinatsala pang'ono kuchitika pa 4 Julaye 1961 m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja ya K-19, ya dziko la Soviet Union. Mpope unabooka ali pakati pa nyanja ya Atlantic. Amalinyero analoŵa m'chipinda cha ng'anjo nalumikiza mpope wina wobweretsa madzi. Sitimayo inapulumuka, koma anthu 8 anamwalira patangopita masabata ochepa.

Pofuna kupeŵa ngozi yotere, akatswiri a ku Japan anakonza mapulani a ng'anjo yotchedwa MRX. Nzeru yake njakuti ng'anjo yonse ikhale m'kati mwa thanki yachitsulo yotsekeka, yodzaza madzi, monga mphika waung'ono woikidwa mumtsuko. Mpope ukasweka, nthunzi imagwera m'madzi ozizirawo nisandukanso madzi, m'malo mophulitsa thanki. Mphamvu ya m'thanki ikalingana ndi ya m'ng'anjo, kutayika kwa madzi kumaleka ng'anjo ikadali yomira. Madzi omwewo amatchinganso poizoni uja kuti asafike kwa anthu, ndipo kutentha kumatuluka kokha popanda kudalira pampu kapena magetsi.

Njirayi ili ndi zovuta zake. Ng'anjo iyenera kukutidwa bwino kuti isataye kutentha kwake m'madzi oizungulira, ndiponso amisiri sangaifike msanga pofuna kukonza. Ng'anjo ya MRX sinaikidwe m'sitima iliyonse. Komabe phunziro lake lidakalipo: pa nyanja yaikulu palibe mnansi woitana, kotero madzi ozimitsira moto ayenera kukhala pomwepo mpope usanasweke.