Oyilo wa giyabokosi ya otomatiki: kukhetsa, kufulasha kapena kungomusiya?

Pikapu ya alamu anga ndiyo imadyetsa banja lawo. Amakhala ku Area 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi, ndipo Toyota Hilux yawoyo sigona. Lero yanyamula njerwa ndi mchenga, mawa matumba a chimanga kuchokera ku Mponela, nyengo ya fodya ikakwana ndiye mabelo opita ku okushoni ku Kanengo. Lendi, fizi ya ana atatu ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku, zonse zimachokera kumbuyo kwa galimotoyi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, idayamba kachizolowezi kachilendo. M'mawa akaika giya pa D, inkayamba yakhala kaye duu, kenaka n'kugunda kuti gu! isananyamuke. Ikatenthako, zonse zinkaoneka bwinobwino. Alamu adafunsa anthu atatu, ndipo adabwera kunyumba ndi mayankho atatu.

Makaniko wina adati njira ndi kufulasha ndi makina, oyilo yense atuluke. Mnzawo wochita naye hayala adati asayerekeze n'komwe, giyabokosi ya otomatiki sakhudza, oyilo wake ndi wa moyo wonse wa galimoto. Mnyamata wogulitsa masipeya adangowalozera chigubu cha pashelefu. "Bola akhale wofiira, madala. Onsewa ndi amodzimodzi."

Achemwali anga, amene amasunga kabuku ka ndalama za hayala, adangofunsa funso limodzi. "Nanga bambo, mwa atatuwo ndani adzatigulire giyabokosi ina ikafa?" Funso limenelo ndi limene lidatichititsa kukhala pansi n'kuyamba kufufuza.

Ntchito ya oyiloyu ndi yotani?

Ambirife tidazolowera galimoto za manyuwo, momwe oyilo wa m'giyabokosi ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa zitsulo. Mu otomatiki nkhani ndi ina. Oyilo wake, amene pazigubu amalembedwa kuti ATF, ndiye amatenga mphamvu ya injini n'kuipereka ku magiya kudzera m'chipangizo chonga mphika chotchedwa torque converter. Ndiyenso amakankha timakalachi tam'kati kuti giya isinthe, amaziziritsa, komanso amatsuka. Ntchito imene phazi ndi dzanja la dalaivala zimagwira mu manyuwo, mu otomatiki amaigwira ndi oyilo.

Mdani wake wamkulu ndi kutentha. Giyabokosi imayenda bwino oyilo akakhala pa madigiri pafupifupi 80, koma akamapitirira kwambiri pamenepo kwa nthawi yaitali amapsa, amada, ndipo mankhwala amene adasakanizidwamo amatha mphamvu. Tsono taganizirani moyo wa pikapu ya kuno kwathu: katundu wodzaza mpaka pamwamba, fumbi la m'misewu ya m'malokeshoni, mdipiti wa galimoto pakati pa Kanengo ndi Area 18, zitunda za msewu wa Salima kapena wa Khwekhwerere. Mabuku a opanga galimoto moyo wotere amautcha wa ntchito yolemetsa, ndipo amati galimoto yotere isinthidwe oyilo msanga kuposa yongopita kuofesi.

Apa ndi pamene mawu a mnzawo wa alamu aja amagwera. N'zoona kuti galimoto zambiri zatsopano zimabwera zopanda kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi, ndipo ena amamutcha wa moyo wonse. Koma palibe oyilo wosakalamba. Kwa galimoto yonyamula katundu kapena yokoka ngolo, malangizo ambiri amagwera pakati pa makilomita 60,000 ndi 100,000. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Vuto lathu n'lakuti pikapu zambiri timagula zitayenda kale, kaya zalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, kaya pa Mwanza kapena pa Dedza kuchokera ku South Africa, ndipo mbiri ya oyilo wake sitiidziwa.

Wofiira sali m'modzi

Mnyamata wa masipeya uja ndiye adalakwitsa kwambiri. Kufiirako ndi utoto chabe, woti makaniko asasokoneze ndi oyilo wa injini. Kusiyana kwenikweni kuli pa kulemera kwa oyiloyo ndi mmene amagwirira timakalachi.

Dzina la Dexron, limene amakaniko ambiri amalidziwa, ndi la kampani ya General Motors ya ku America, ndipo lidayamba m'chaka cha 1967. Kwa zaka zambiri Dexron II ndi Dexron III ankalowa m'galimoto zochuluka zedi, n'chifukwa chake achikulire ena amaganizabe kuti ATF ndi m'modzi. Koma magiyabokosi adasintha. Toyota ili ndi Type T-IV komanso WS, amene ndi wopepukirapo. Hilux ya magiya 6, imene idayamba kutuluka mu 2015, imafuna WS. Ford Ranger ya magiya 6, yoyambira mu 2011, imafuna Mercon LV, pomwe ya magiya 10 imafuna Mercon ULV. Nissan nayo ili ndi ake monga Matic J ndi Matic S. Dzina la galimoto lokha silikwanira, chifukwa ma Hilux awiri a zaka zosiyana akhoza kufuna oyilo wosiyana.

Pali mitundu iwiri imene isayandikire n'komwe. Woyamba ndi oyilo wa CVT, wa timagalimoto tambiri tochokera ku Japan. Wachiwiri ndi oyilo wolemera uja wa manyuwo ndi difu, wolembedwa 80W-90. Mtundu woyenera mudzaupeza m'buku la galimoto, ndipo pa galimoto zina udadindidwa pa kandodo koyezera komweko. Pa ya alamu tidapukuta kandodoko n'kuwerenga: Type T-IV. Safunsa adadya phula.

Muyambe mwamuona oyiloyo

Musanasankhe chochita, onani kaye chimene chili m'katimo. Ngati galimoto ili ndi kandodo, iyendetseni itenthe, iimikeni pamalo athyathyathya, injini ikulira, pititsani giya pa zilembo zonse pang'onopang'ono n'kubwerera pa P. Mukatero solorani kandodoko, dontheza pa pepala loyera, ndipo mununkhize.

Wofiira kapena wofiirira wopanda fungo loipa, ali bwino. Wabulawuni koma wosanunkha, watopa ndipo nthawi yosintha yakwana. Wakuda bii, wonunkha ngati nsima yopserera, wokhala ndi tizitsulo tonyezimira, akukuuzani kuti timakalachi tadyeka kale. Pamenepo oyilo watsopano si mankhwala, pakufunika katswiri wa magiyabokosi. Mukaona wooneka ngati mwathiramo mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, mwina kuchokera mu redieta imene imaziziritsanso oyiloyu, mwina powoloka madzi akuya nyengo ya dzinja. Galimoto yotero isayendenso mpaka itakonzedwa.

Wa alamu adali wabulawuni wodera, koma fungo lopserera panalibe. Mitima idakhalako pansi.

Njira zitatu

Njira yoyamba ndi kukhetsa n'kuthira wina. Makaniko amamasula bawuti ya pansi, oyilo n'kutuluka, kenaka amathira watsopano wofanana ndi amene watuluka. Ndi yotsika mtengo komanso yofatsa. Koma dziwani kuti satuluka yense. Giyabokosi ya pikapu imasunga malita pafupifupi 10, ndipo otuluka pa bawuti amakhala atatu kapena anayi okha. Otsalawo amakhala mu torque converter ndi m'mapaipi.

N'chifukwa chake amakaniko odziwa amabwereza. Tiyerekeze kuti mwa malita 10 mukutuluka 4. Ulendo woyamba, akale otsala ndi malita 6. Mukayenda masiku angapo n'kukhetsanso, otsala ndi pafupifupi atatu ndi theka. Ulendo wachitatu, angotsala awiri ndi kadontho. Ubwino wake, ndalama simutulutsa tsiku limodzi, ndipo giyabokosi imazolowera oyilo watsopano pang'onopang'ono.

Njira yachiwiri ndi kutsitsa sampu, chibeseni chija cha pansi pa giyabokosi. Apa makaniko amatsuka matope a pansi, amapukuta maginito amene amakola tizitsulo, amasintha kapena kutsuka sefa, n'kuika gasiketi yatsopano. Imadya nthawi, koma ndi njira yokhayo yoonera ndi maso thanzi la giyabokosi. Kaphulusa kosalala pa maginito n'kachibadwa. Tizidutswa tomveka m'zala ndi chenjezo.

Njira yachitatu ndi kufulasha. Makina amalumikizidwa ku mapaipi opita ku redieta, wakale akutuluka uku, watsopano akulowa uko, mpaka pafupifupi yense wasinthika. Imafuna oyilo wambiri, kawirikawiri kuposa malita amene giyabokosiyo imasunga. Pa galimoto imene yakhala ikusamalidwa nthawi yake, njirayi ilibe vuto. Mkangano uli pa giyabokosi yokalamba imene sidasinthidwepo. Amakaniko ambiri amati zinyalala zomwe zidakhazikika zikhoza kutakasika n'kukatseka timipata ting'onoting'ono toyendamo oyilo, makamaka ngati athiramo mankhwala otsukira. Amatinso timakalachi todyeka nthawi zina timagwira mothandizidwa ndi fumbi lake lomwe lili mu oyilo wakaleyo, ndiye mukalichotsa lonse kamodzi, giya imayamba kuterera. Nkhani zija zoti galimoto idafa atangosintha oyilo zimachokera apa. Kawirikawiri imakhala kuti idali itadwala kale.

Ndiye kusankha kwake sikovuta kwenikweni. Mbiri mukuidziwa ndipo oyilo akadali bwino, njira iliyonse mwa zitatuzi ingathe. Mbiri simukuidziwa ndipo galimoto yayenda kwambiri, tsitsani sampu kamodzi, kenaka khetsani kawiri kapena katatu motalikitsa. Oyilo wapserera ndipo giya ikuterera kale, sungani ndalama ya oyiloyo, mukaonane ndi katswiri.

Pagalaja musachite manyazi

Kuchokera pamene kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chidakwera, oyilo ndi masipeya omwe. Chiyeso chogula wotchipa, wopungulidwa m'mabotolo opanda chizindikiro, n'chachikulu. Koma mtengo wa malita angapo a oyilo weniweni sungafanane ndi wa giyabokosi ina, ngakhale yakaunjika, osawerengera masabata amene galimoto ikhala pamiyala osabweretsa kanthu.

Gulani oyilo wosatsegula, wolembedwa mtundu umene buku lanena, ndipo mutenge lisiti. Chigubu chitsegulidwe inu mukuona. Makaniko ayeze amene watuluka, asangoponyera m'maso, chifukwa wochepa amawotcha timakalachi ndipo wochuluka amachita thovu. Fanulo ndi nsalu zikhale zoyera, poti kamchenga kochepa n'kokwanira kusokoneza giya. Ngati galimoto yanu ilibe kandodo, mulingo umayezedwa pa bawuti yapadera, galimoto ili chilili, oyilo atafika pa kutentha kumene buku lanena. Funsani makaniko kuti kutenthako akuyeza ndi chiyani. Akayamba kuzungulira, pitani kwina. Oyilo wakaleyo asatayidwe m'ngalande, chifukwa mvula ikagwa amathera m'zitsime ndi m'mitsinje yathu yomwe.

Mmene zidathera

Alamu adapeza makaniko wachikulire amene sadakwiye ndi mafunso. Atatsitsa sampu adawaitana. "Bwerani muone nokha, achimwene." Pa maginito padali kaphulusa kokhakokha, tizidutswa ayi. Adasintha sefa ndi gasiketi, n'kuthira malita ofanana ndi amene adatuluka. Patapita masabata awiri adakhetsanso, ndipo kachitatu adachita kumapeto kwa mwezi, ndalama ya hayala italowa.

Kugunda kuja kudachepa kwambiri, ndipo m'mawa giya ikulowa msanga. Makanikoyo sadawanamize kuti giyabokosi yasanduka yatsopano. Adawauza kuti achepetseko katundu, asamaumirize galimoto pa chitunda itadzaza, ndipo aziyang'ana pansi pomwe yagona ngati padontha zofiira.

Achemwali adatsegula tsamba latsopano m'kabuku kawo. Adalembamo tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi malita, ndipo pansi pake adalemba makilomita amene adzasinthirenso. Ku banki m'khonde adawonjezera kagawo kena kamene amakatcha ka giyabokosi. Fizi ya Januwale idalipidwa pa nthawi yake, ndipo Hilux ija, mmene ndikulemba pano, yapita ku Lumbadzi kukatenga matumba a mtedza.