Nyimbo za Mulungu Zikalowa M'bala

Ku America, gulu la Stryper linkatamanda Yesu ndi heavy metal, nyimbo za magitala olira mwaukali zimene Akhristu ambiri ankati n'za Satana. Dzina la gululi linachokera pa Yesaya 53:5, ndipo poimba ankaponyera anthu Mabaibulo. Chimbale chawo cha 1986, To Hell with the Devil, chinagulidwa makope oposa miliyoni imodzi, nyimbo zake n'kumaonetsedwa pa MTV. Mlaliki Jimmy Swaggart anawadzudzula poyera.

Kuno heavy metal sinamere mizu, koma mkangano womwewo unatipeza kudzera mu rege. Alleluya Band inayambira pa parishi ya Katolika ku Balaka mu 1978, motsogozedwa ndi Paul Banda. Mng'ono wake, malemu Lucius Banda, anatenga kaimbidweko n'kumadzudzulira andale. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, nyimbo za ku Balaka zinkamveka m'mabala a ku Kasungu, alimi akuvina botolo lili m'manja.

Kodi pamenepo uthenga wafikira otayika, kapena wangokometsa mowa? Ine ndimakayikira onse oyankha msanga. Ndinamvapo mlimi wina woledzera akuimba ndime yonse yotamanda Mulungu osaphonya liwu. Atafunsidwa tanthauzo lake, anangoseka n'kuitanitsa botolo lina.