Mwamuna wa m'Kanema wa Chikondi ndi Mkamwini wa m'Nthano Zathu

Ana amene mudzawaphunzitsa, ngakhale a ku Kasinje m'boma la Ntcheu, amaonera makanema pa mafoni ndi m'tinyumba ta vidiyo ta pa msika. Pakati pa makanemawo pali mtundu wina wa nkhani za chikondi zoseketsa, ndipo nkoyenera kuti mphunzitsi adziwe mwamuna amene ana akumuona m'menemo.

Kawirikawiri mwamunayo aoneka m'njira ziwiri. Woyamba ndiye wachuma. Mu Pretty Woman, kanema wa mu 1990, Richard Gere ndi mpondamatiki wouma mtima amene agulira mkazi zovala za mtengo wapatali. Pamapeto pake akwera makwerero a kunja kwa nyumba ali ndi maluwa m'manja, chinkana aopa malo aatali. Wachiwiri ndiye wamanyazi ndi wopepera. Mu Notting Hill, wa mu 1999, Hugh Grant ndi wogulitsa mabuku ku London amene atayira madzi a malalanje pa chovala cha mkazi wotchuka, nachita chibwibwi pofuna kulankhula naye. Onse awiri alakwira mkazi, nathamanga kukapepesa, ndipo kanemayo atha atangogwirizana.

Tsono taonani chimene chisowa. Mwamuna ameneyu alibe ankhoswe. Afunsa nzeru kwa anzake okhaokha, ndipo palibe malume amene apita kukagogoda kwa eni mbumba. Sitimuona akulima, kapena kumanga nyumba, kapena kupatukira apongozi panjira. Kanema wa ku Nigeria, The Wedding Party, wa mu 2016, ayandikirako kwathu, pakuti m'menemo makolo a mbali zonse ziwiri ali ndi mawu, mpaka kukangana pa zakudya za paukwati.

Ife tomwe tili nazo nkhani zoseka mwamuna wokwatira, koma zathu ziyambira pamene kanema athera. Angoni a kwa Gomani, atakhala pakati pa Achewa, ambiri anatengera chikamwini, motero nthano za mkamwini nzodziwika m'midzi ya kuno. Mkamwini wa m'nthano akana nsima chifukwa cha manyazi, kenaka usiku akwawira ku mphika wa ndiwo, nagwidwa ndi apongozi dzanja lili mumphika. Chimene tisekapo ndi ichi, kuti munthu wamkulu, mlendo pa mudzi wa eni, walephera kubisa njala yake. Ine ndiyesa kuti nthanoyi imdziwa mwamuna koposa kanema, chifukwa imuyesa pa nkhokwe ndi pa khasu, masiku onse a chaka.

M'phunziro la Chichewa, uzani ana a Sitandade 7 kapena 8 akafunse agogo awo nthano imodzi ya mkamwini, adzaikambe m'kalasi. Pambuyo pake afotokoze kanema wa chikondi amene anaonapo, ndipo muwafunse kuti: mwamuna uja anali ndani kwawo, nanga atakwatira anakakhala mudzi wa yani?